Ukathyali wa Pakamwa

Pali mitundu iwiri ya anthu onyenga. Woyamba ndi wabodza wamba, amene amakuuza kuti mbuzi yako sadaione pamene chikopa chake chili chiyanikire kuseri kwa nkhokwe yake. Munthu wotere savuta kumugwira, pakuti ukangopeza chikopacho mlandu watha. Wachiwiri ndiye woopsa koposa. Iyeyu sakana kuti mbuzi adadya, koma amakukhazika pansi nayamba kukuyalira mfundo imodziimodzi, iliyonse yomveka bwino, mpaka iwe mwini mbuzi uyambe kuganiza kuti woyenera kupepesa ndiwe. Pochoka pamenepo mtima umakuuza kuti wapusitsidwa, koma ukati uloze pamene pagona chinyengo, chala chimasowa poloza. Khalidwe lachiwirili ndilo ndifuna kulisanthula m'chimangirizo chino. Ine ndimalitcha ukathyali wa pakamwa, ndiko kuti luso loyala mfundo zooneka zanzeru ndi zolongosoka, chonsecho cholinga chake ndi kusokeretsa womvera.

Pa Chingerezi khalidweli limatchedwa sophistry, dzina limene lidachokera kwa Agiriki akale. M'Chigiriki mawu akuti sophia atanthauza nzeru, ndipo sophistes adali munthu wodziwa zinthu, katswiri pa ntchito yake. Poyamba dzinali lidali laulemu, moti ngakhale Solon, munthu wolemekezeka amene adakonza malamulo a mzinda wa Athens, ankatchedwa dzina lomweli. Nanga zidatani kuti dzina laulemu chotere lisanduke chitonzo? Yankho lake lili m'mbiri ya mzinda wa Athens womwewo, ndipo ndi bwino kuti tiyambire kumeneko.

Zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, mzinda wa Athens m'dziko la Greece udali ndi ulamuliro umene eni ake ankautcha demokratia, kumene kudachokera mawu athu akuti demokalase. Amuna onse amene adali nzika ankasonkhana pa kaphiri kotchedwa Pnyx kuti agamule za nkhondo, za misonkho ndi za malamulo, ndipo ankavota pokweza manja. Akazi, akapolo ndi alendo adalibe mawu pamsonkhanopo. Milandu nayo inkaweruzidwa ndi anthu wamba osankhidwa mwa mayere, nthawi zina 201, nthawi zina 501, mwinanso kuposa apo. Kudalibe maloya monga tiwadziwira lero. Wodandaula ndi woimbidwa mlandu aliyense ankadziyankhulira yekha, ndipo nthawi yake inkayezedwa ndi mtsuko wa madzi wobooledwa chakunsi. Madzi akatha kudontha, munthu ankakhala pansi, kaya watsiriza kaya sadatsirize. Tangoganizani mlimi amene sadayankhulepo pagulu, ataimirira pamaso pa anthu 501, munda wake kapena moyo wake uli m'manja mwawo, uku madzi akudontha. M'mzinda wotere kudziwa kuyankhula chidali chida chodzitetezera, monga mkondo ndi chishango.

Pamene pali njala ogulitsa chakudya sachedwa kufika. Mu Athens mudayamba kufika aphunzitsi oyendayenda amene ankalonjeza kuphunzitsa achinyamata luso loyankhula ndi loyendetsa zinthu za mzinda, koma mowalipira ndalama zambiri. Amenewa ndiwo asofisiti. Wotchuka koposa adali Protagoras wa ku Abdera, amene adabadwa cha m'ma 490 B.C., ndiye kuti zaka 490 Yesu asanabadwe. Padalinso Gorgias wa ku Leontini pa chilumba cha Sicily, Prodicus wa ku Ceos ndi Hippias wa ku Elis. Tisafulumire kuwaponya miyala anthu amenewa, pakuti zambiri zimene timawerenga za iwo zidalembedwa ndi Plato, amene sankawafuna, ndipo mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Protagoras adali mmodzi mwa anthu oyamba kugawa mayina m'magulu ndi kusiyanitsa chiganizo chofunsa, choyankha, chopempha ndi cholamula. Prodicus ankaphunzitsa kusiyanitsa mawu ofanana matanthauzo. Ine amene ndidadya choko zaka zambiri pophunzitsa malamulo a chiyankhulo, sindingakane kuti ntchito yanga idayambira m'manja mwa anthu amenewa.

Vuto lidagona pa chiphunzitso chimodzi. Protagoras ankati nkhani iliyonse ili ndi mbali ziwiri zotsutsana, ndipo ankalonjeza kuti angathe kuphunzitsa munthu kusandutsa mfundo yofooka kuti ikhale yamphamvu. Chiphunzitso chimenechi chili ngati mpeni, umene mayi amasendera mbatata koma chigawenga chimabayira munthu. Ngati uphunzira mbali zonse ziwiri za nkhani kuti uimvetse bwino ndi kuweruza mwachilungamo, wachita bwino. Koma ngati uziphunzira kuti uzitha kupambana mbali iliyonse imene yakulipira, ndiye kuti choonadi wachitaya kudzala. Achinyamata olemera a ku Athens ambiri sankalipira ndalama zawo kuti amvetse zinthu. Iwo ankafuna kupambana pabwalo basi.

Gorgias adafika ku Athens mu 427 B.C. ngati kazembe wodzapempha thandizo la nkhondo m'malo mwa mzinda wake, ndipo kayankhulidwe kake kadawatenga mtima Aatene. Pofuna kuonetsa mphamvu ya luso lake, iye adalemba mawu oikira kumbuyo Helen, mkazi amene Agiriki onse ankamuda chifukwa, monga mwa nthano zawo, adathawa mwamuna wake napita ku Troy, ndipo nkhondo ya zaka 10 idabuka chifukwa cha iye. Gorgias adati zifukwa zimene zikadamupititsa mkaziyo ndi zinayi zokha: chifuniro cha milungu, kugwidwa mokakamiza, kukopedwa ndi mawu, kapena chikondi. Kenaka adaonetsa kuti chilichonse mwa zinayizi ndi champhamvu kuposa munthu, motero Helen alibe mlandu. Mfundozi zimakoma m'khutu, koma taziyesani pa munthu wina. Wakuba nayenso anganene kuti adakopedwa ndi mawu a mnzake, kapena kuti adagwidwa ndi chikondi cha ndalama. Tikatsata njira ya Gorgias, padziko lapansi sipadzapezeka munthu wolakwa ndi mmodzi yemwe. Mwini wake, kumapeto kwa zolembazo, adavomera kuti kwa iye adali masewera chabe.

Plato akusimba kuti Gorgias ankanyadira kuti poyenda ndi mbale wake, amene adali dokotala, iye ndiye ankatha kukopa odwala okana mankhwala kuti amwe, dokotalayo atalephera. Mpaka apa palibe choipa. Koma adapitiriza kunena kuti mzinda utafuna kulemba dokotala ntchito, ndipo pamsonkhano pataimirira dokotala weniweni ndi katswiri woyankhula, anthu angasankhe woyankhulayo. Socrates adamuyankha ndi fanizo la dokotala amene akuimbidwa mlandu ndi wophika zotsekemera, oweruza ake ali ana. Wophikayo angouza anawo kuti munthu uyu ndiye amakumwetsani zowawa ndi kukuchekani, pamene ine ndimakupatsani zokoma. Kodi dokotalayo angapulumuke? Apa ndi pamene pali kuopsa kwa ukathyali wa pakamwa. Umagwira ntchito pa anthu amene nkhaniyo saidziwa bwino, ndipo umawauza zimene makutu awo afuna kumva.

Pali nkhani ina yokhudza Protagoras imene adaisunga mlembi wachiroma Aulus Gellius. Mnyamata wina dzina lake Euathlus adapita kwa Protagoras kukaphunzira kuyankhula pa milandu. Adapangana kuti alipire theka la ndalama poyamba, ndipo theka linalo adzalipire tsiku limene adzapambane mlandu wake woyamba. Atatsiriza maphunziro, mnyamatayo adangokhala osatenga mlandu uliwonse. Mphunzitsi atatopa ndi kudikira adakamusumira, ndipo pabwalo adanena kuti ndalamazo alandira mulimonse: oweruza akagamula mokomera iye, mnyamatayo alipira chifukwa cha chigamulo, akagamula mokomera mnyamatayo, ndiye kuti wapambana mlandu wake woyamba, ndipo alipira chifukwa cha pangano. Mnyamata uja adaimirira nabweza mkondo womwewo kwa mwini wake. Adati salipira mulimonse: akapambana, chigamulo chamumasula, akagonja, ndiye kuti sadapambanebe mlandu woyamba, ndipo pangano lamumasula. Akuti oweruza adasowa chonena, nauimitsa mlanduwo kufikira tsiku lakutali.

Nkhaniyi imaseketsa, koma tiyeni tiisende. Pali miyeso iwiri pano, pangano ndi chigamulo cha bwalo. Mphunzitsi ndi wophunzira wake onse akuchita chinyengo chimodzimodzi. Aliyense akutenga chigamulo pamene chamukomera, ndipo pamene chamuipira akuchitaya nathawira ku pangano. Ali ngati wogula chimanga amene ali ndi ndowa ziwiri, yaikulu yogulira ndi yaing'ono yogulitsira. Mukawauza kuti asankhe muyeso umodzi nakhale nawo mpaka pamapeto, matsenga onse amatha.

Zitsanzo zina za asofisiti zidali zachibwana ndithu. M'buku la Plato lotchedwa Euthydemus muli abale awiri amene adafunsa mnyamata wina ngati ali ndi galu, ndipo iye adavomera. Adamufunsanso ngati galuyo ali ndi ana, iye navomeranso. Pamenepo adamuuza kuti popeza galuyo ndi tate, ndiponso ndi wake, ndiye kuti galuyo ndi tate wake, ndipo tiagaluto ndi abale ake. Munthu wina wa ku Miletus, Eubulides, naye adali ndi msampha wake. Ankafunsa munthu ngati avomereza kuti chimene sadataye akadali nacho. Munthuyo akavomera, ankamuuza kuti popeza nyanga sadatayepo, ndiye kuti ali ndi nyanga. Palibe amene adapita kwawo akukhulupirira kuti ndi mwana wa galu, kapena akupapasa pamutu kufuna nyanga. Komabe ambiri ankasowa choyankha, ndipo anthu oonerera ankaombera m'manja wopambanayo.

Aristotle, amene adakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 B.C., ndiye adakhala pansi nayamba kumasula misampha imeneyi umodziumodzi. Iye adayerekeza mfundo zachinyengo ndi zitsulo zonyezimira zimene munthu wosadziwa amaziyesa siliva kapena golide, ndipo adapeza mitundu 13 ya chinyengo chotere, 6 yogona m'mawu enieniwo ndi 7 yogona m'kaganizidwe. Sindingaitchule yonse pano, koma itatu ndi yofunika kuti wophunzira aliyense aidziwe. Woyamba ndi kugwiritsa ntchito liwu limodzi m'matanthauzo awiri. M'Chichewa chathu mawu otere ndi ambiri: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kulemera kwa mwala ndi kulemera kwa mwini sitolo, kukongola kwa namwali ndi kukongola ndalama. Wachiwiri ndi kubisa mfundo m'kati mwa funso, monga kufunsa munthu kuti, "Kodi udaleka kuba nkhuku?" Akati inde wavomera kuti ankaba, akati iyayi wavomera kuti akubabe. Wachitatu ndi kutenga chinthu chimene chili choona pa nthawi ina kapena pa anthu ena, n'kuchiyesa choona nthawi zonse ndi pa anthu onse. Pa itatuyi tionjezepo chizolowezi chimene timachiona tsiku ndi tsiku, chosiya nkhani n'kuyamba kunyoza mwini nkhaniyo, ngati kuti munthu wovala zigamba sanganene zoona.

Chinyengo cha liwu la matanthauzo awiri ndidakumana nacho m'kalasi mwanga momwe. Pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha 1994, liwu lakuti ufulu lidali pakamwa pa aliyense, ndipo lidayenera kutero pakuti anthu adaulakalaka nthawi yaitali. Tsiku lina mnyamata wina wa Fomu 3, wanzeru ndithu, adakana kusesa m'kalasi. Adati dziko tsopano lili pa ufulu, ufulu ndi kusakakamizidwa, motero kumuuza kuti asese ndi kumuphwanyira ufulu. Anzake adakuwa mokondwera. Ine ndidamufunsa ngati wophika wa pasukulupo naye ali pa ufulu, ndipo adati inde. Ndidamufunsanso ngati kungakhale kumuphwanyira ufulu wophikayo kumuuza kuti aphike nsima ya masana amenewo. Mnyamatayo adaseka, natenga tsache. Iye adasakaniza ufulu wa nzika, woti isamangidwe popanda mlandu kapena kutsekedwa pakamwa, ndi kumasuka ku udindo uliwonse, chinthu chimene palibe munthu wokhala ndi anzake adakhalapo nacho.

Wina anganene kuti zonsezi ndi masewera a anthu ophunzira, osapweteka munthu. Aatene eni ake sadaone choncho. Mu 423 B.C. mlembi wa masewero Aristophanes adaonetsa sewero lotchedwa Mitambo. M'seweroli mkulu wina wamira m'ngongole chifukwa mwana wake amakonda akavalo, ndipo akutumiza mwanayo kusukulu ya anthu ochenjera pakamwa kuti akaphunzire njira yokanira ngongole pabwalo. Mwanayo akuphunziradi, ndipo okongoza ndalama akubwezedwa chimanjamanja. Koma pasanapite nthawi mwana yemweyo akumenya bambo wake, nayala mfundo zoonetsa kuti kutero n'koyenera, popeza bamboyo naye ankamumenya ali wamng'ono pofuna kumukonza. Bamboyo akusowa choyankha, ndipo mwaukali akukatentha sukulu ija. Phunziro lake ndi lakuti wosula mpeni wa chinyengo asayese kuti udzacheka anthu ena okhaokha. Choipa chitsata mwini.

Koma sewero lomweli lidachita chinthu china chomvetsa chisoni. Mwini sukulu ya akathyali m'seweromo adapatsidwa dzina la Socrates, munthu amene sankalandira malipiro pophunzitsa, amenenso moyo wake wonse ankatsutsana ndi asofisiti. Kwa munthu wongodutsa, Socrates ndi asofisiti ankaoneka amodzi, pakuti onse ankafunsa mafunso osowetsa anthu choyankha. Kusiyana kwake kudali m'cholinga. Msofisiti ankafunsa kuti agwetse mnzake, pamene Socrates ankafunsa kuti iye ndi mnzakeyo apeze choona, ndipo ankanena poyera kuti kutsutsidwa pamene walakwa ndi phindu kwa iye. Patapita zaka 24, mu 399 B.C., Socrates adaimbidwa mlandu wosalemekeza milungu ya mzinda ndi wosokoneza achinyamata. Podziteteza pamaso pa oweruza pafupifupi 500, iye adatchula sewero lija ngati gwero lina la mbiri yoipa imene idamumatirira. Adamupeza wolakwa, ndipo adafa pomwa chiphe ali ndi zaka pafupifupi 70. Mzinda umene udatopa ndi akathyali udalephera kusiyanitsa kathyali ndi munthu woona.

Kuti tione kukula kwa zimene mawu angachite, tibwerere ku chaka chija cha 427 B.C. Mzinda wa Mytilene pa chilumba cha Lesbos udagalukira Athens ndipo udagonjetsedwa. Mwaukali, msonkhano wa Aatene udagamula kuti amuna onse a mumzindawo aphedwe, akazi ndi ana agulitsidwe ukapolo, ndipo ngalawa idanyamuka ndi uthengawo. M'mawa mwake mitima idayamba kuwatsutsa, nasonkhananso. Mlembi wa mbiri Thucydides akusimba kuti mtsogoleri wina, Cleon, adawadzudzula kuti asanduka anthu ongoonerera mipikisano ya mawu, ndipo adawachenjeza kuti asamvere oyankhula mochenjera. Chonsecho iye mwini ankagwiritsa ntchito luso lomwelo pofuna kuti anthu aphedwe. Munthu wina, Diodotus, adaimirira nayala mfundo zake modekha, kuonetsa kuti kupha osalakwa pamodzi ndi olakwa sikungapindulire Athens. Mbali yake idapambana ndi manja owerengeka chabe. Ngalawa yachiwiri idanyamuka, opalasa akudya uku akupalasa ndi kugona mosinthana, ndipo idafika chigamulo choyamba chitangowerengedwa koma chisanachitidwe. Atsogoleri a kugalukirako adaphedwabe, koma mzinda udapulumuka. Pakadapanda munthu wodziwa kuyankhula kumbali ya chifundo, Mytilene akadasanduka manda.

Tisaganize kuti khalidweli lidatha ndi Agiriki. Mu 1950 akatswiri awiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, adafalitsa kafukufuku woonetsa kuti kusuta fodya kumagwirizana kwambiri ndi khansa ya m'mapapo. Makampani opanga ndudu ku America sadayankhe ndi bodza lamkunkhuniza. Mu January 1954 adalengeza m'nyuzipepala zoposa 400 kuti umboni wotsimikizika sudapezeke ndipo kafukufuku ayenera kupitirira. Mawuwo adali omveka ngati a anthu osamala. Anthu wamba nawo adali ndi mfundo yawo, yakuti pali nkhalamba zimene zasuta moyo wonse koma zili gwa, kumene ndi kutenga anthu owerengeka n'kuyezera anthu onse. Chikalata china cha m'kati mwa imodzi mwa makampaniwo, cholembedwa mu 1969, chidanena mosabisa kuti malonda awo enieni ndi chikayiko. Mu 2006 bwalo la milandu ku Washington lidagamula kuti makampaniwo adanyenga anthu kwa zaka zambirimbiri. M'zaka zonsezo anthu ankasuta, nadwala, namwalira. Kathyali safunika kukutsimikizira kuti chakuda ndi choyera. Akangokukayikitsa kuti mwina si chakuda kwenikweni, ntchito yake yatha.

Nanga munthu wamba, wosawerenga Aristotle, angadziteteze bwanji? Yankho ndidaliona pabwalo la mfumu kumudzi kwathu. Mayi wina wamasiye adadandaula kuti mwamuna wina akukaniza dimba limene malemu mwamuna wake adamubwereka. Woimbidwa mlanduyo adali munthu wa pakamwa pothwa. Adafunsa anthu ngati sadamve malemu akunena kuti amupatsa dimbalo, ndipo ena adavomera kuti adamvadi. Adafunsanso ngati mwambo wathu umalola kulanda chinthu chimene munthu adapatsidwa, ndipo anthu adati iyayi. Pomaliza adati kulanda dimbalo ndi kunyoza mawu a munthu amene ali kumanda. Mayi uja adasowa mawu. Adangoti dimba ndi la ana ake, nayamba kulira, ndipo ambiri adaona ngati mlandu wamugomera. Pamenepo nduna ina yokalamba, imene sidapondepo m'kalasi, idafunsa mwamunayo mafunso awiri. Loyamba lidali lakuti, ngolo imene iye adapatsa mlamu wake chaka chathacho kuti atutire chimanga, ili kwa yani tsopano? Iye adati idabwerera kwa mwini wake. Lachiwiri lidali lakuti, ngati dimbalo lidali lake, n'chifukwa chiyani chaka ndi chaka ankapereka dengu la zokolola kwa malemu? Mwamunayo adayang'ana pansi. Liwu lakuti kupatsa adalitenga m'tanthauzo la kupatsiratu, pamene malemu adanena kupatsa kobwereka, ndipo iye mwini ankadziwa zimenezi.

Pa mlandu umenewu ndidatolapo zinthu zimene ndakhala ndikuuza ophunzira anga. Chachikulu ndi chakuti kusowa choyankha si umboni wakuti walakwa. Mayi uja adagonja pa mawu, koma choona chidali kumbali yake kuyambira pachiyambi. Zeno wa ku Elea adayala mfundo zoonetsa kuti palibe chinthu chimene chimayenda, ndipo padapita zaka mazana ambiri akatswiri a masamu asanazimasule mokhutiritsa, koma m'zaka zonsezo anthu ankayendabe. Akuti Diogenes atamva mfundo zotere sadayankhe kanthu, adangoimirira nayamba kuyenda. Mfundo ikakufikitsa pa chinthu chimene maso ako ndi chikumbumtima chako zikukana, usafulumire kugonja. Bwerera m'mbuyo, uponde mwala umodziumodzi umene wakuolotsa, ndipo udzapeza wina ukugwedera.

Njira zoyesera miyalayo nduna ija idationetsa. Poyamba, funsa tanthauzo la liwu limene nkhani yonse yatsamirapo, ndipo uonetsetse kuti silikusintha pakati panjira. Kachiwiri, tenga mfundo yomweyo uiyese pa nkhani ina, makamaka yokhudza mwini mfundoyo. Akaikana pamene yamutembenukira, ndiye kuti sankaikhulupirira. Kachitatu, siya mawu uyang'ane zochitika, monga dengu lija la zokolola. Kachinayi, usalole kufulumizitsidwa. Kathyali amadana ndi mawa, chifukwa mfundo zake zikagonera zimasasa. Amafuna usayine lero, uvomere pompano, utumize uthengawo kwa anzako pafoni usanaufufuze. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe pali mbuna ina imene tiyenera kuipewa. Si munthu aliyense woyankhula bwino amene ali wonyenga, ndipo si mfundo iliyonse yotisowetsa mtendere imene ili yachinyengo. Pali anthu amene akagonja pa mtsutso amangoti mnzawoyo ndi wochenjera pakamwa, natseka makutu. Kutero ndi ulesi, ndipo ndi maganizo omwewo amene adamwetsa Socrates chiphe. Nthawi zina mfundo imatipweteka chifukwa ndi yoona. Tsono tingasiyanitse bwanji? Munthu woona amakondwa ukamufunsa, amafotokoza mawu ake momveka, amalola kuti muyeso wake umuyeze iye mwini, ndipo ukamuonetsa polakwika amasintha. Kathyali ukamufunsa amakwiya kapena kukuseka, amachulutsa mawu pamene pafunika yankho lalifupi, ndipo ukamutsekera khomo ili amatulukira lina, osavomera kanthu. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma si chipatso chilichonse chokoma chimene chili ndi nyerere. Chofunika ndi kuchibenthula n'kuona m'kati.

Kwa inu ophunzira, mankhwala a ukathyali si kukhala chete kapena kudana ndi luso la mawu. Mayi wamasiye uja adapulumuka chifukwa pabwalo padali nduna yodziwa kufunsa, ndipo Mytilene adapulumuka chifukwa pamsonkhano padali Diodotus. Pamene anthu oona sadziwa kuyankhula, bwalo limatsalira akathyali. Choncho lowani m'magulu a mtsutso, phunzirani kuyala mfundo, zolowerani kuona mbali zonse za nkhani monga ankaphunzitsira Protagoras. Koma dziwani kuti luso limeneli likadzakula mwa inu, chiyeso chidzabwera. Tsiku lina mudzakhala mukutsutsana ndi munthu wosaphunzira, mwina kholo lanu lomwe, ndipo pakati pa mtsutso mudzazindikira kuti iye ndiye akunena zoona, komanso kuti muli ndi mawu okwanira kumutseka pakamwa. Palibe mphunzitsi amene adzakhalepo kuti akuoneni. Chimene mudzasankhe pa nthawi imeneyo ndicho chidzaonetse ngati sukulu idakupatsani nzeru kapena idangokunolani lilime.